Chala Chosaponda Pansi

Ndikhalenawo anabwera akutsimphina,
mame a m'munda wa tiyi akadali m'ubweya,
timagazi pa mwendo wakutsogolo,
tochepa ngati ta udzudzu wophedwa pa tsaya.

Ndinamugoneka pakhonde kuti ndione.
Kanali kachala kaja kam'mwamba,
kamene sikaponda pansi,
kamene fumbi la pa Chitakale silikadziwa.
Zikhadabo zinzake zimadyedwa ndi miyala
ya njira yopita ku Likhubula,
koma ichi chinakula chokha, popanda wochiletsa,
n'kupindika ngati chisenga
mpaka kubwerera kudzaluma mwini wake.

Muhiwa wa nyumba yachitatu pa layini yathu
anafika ndi lezala akadali m'pepala.
"Dulani chonse, achimwene, ndi muzu womwe.
Chosagwira ntchito ndi katundu chabe.
Mawa chikodwa pa waya wa mpanda,
mkuja pa chitsa cha tiyi wodulira.
Panani mutu, ine ndimalize."

Ndinabisa dzanja langa lamanzere m'thumba.

Muhiwa wabwera kuno posachedwa,
sadziwa za usiku uja m'fakitale
makina opera masamba atandilawa,
kapitawo akukulunga sanza, nati:
"Uli ndi mwayi, n'chaching'ono chokha,
chimenechi umagwira nacho chiyani?"
Ndinavomera. Ndinadinda pepala ndi zotsalazo.
Koma funsani mpini wa khasu
mmene umandipulumukira,
funsani makobili amene amandigwa pamsika,
funsani mwezi wa chiperoni
pamene malo opanda chalawo amayabwa
ine n'kumakanda mphepo.

Ndinati: "Tidikire Lachinayi, abwera a zaziweto."

Masiku atatu, madzi ofunda a mchere,
m'mawa pochoka ku ulonda, madzulo ndisanapite.
Ndipo ndinayamba kuona
zomwe zaka zisanu ndinkangodutsa:
akapeza fupa, amalipana ndi tizala timeneti
ngati munthu wogwira nzimbe.
Ndinakumbukanso tsiku lija mtsinje utadzadza,
akukwera thanthwe loterera la ndere,
chinam'koka ndi chiyani
ngati si kambedza komweka?

Mayi Nakhumwa anafika pa njinga yamoto,
matope ofiira mpaka m'maondo.
Anakhudza, anagwedeza, galu n'kuwanyambita.
"Ichi chili ndi fupa, chili ndi mtsempha,
si njerewere ayi.
Chikanakhala chakumbuyo,
cholendewera pachikopa ngati batani lotsala ulusi umodzi,
bwenzi tikukambirana.
Ngakhale apo, si nkhani ya lezala pakhonde."

Anatulutsa kachitsulo konga pulayala,
nandionetsa chikhadabo pa dzuwa:
"Onani, kuno koyera n'kwakufa,
apa pofiirira mpamene galu akuyambira.
Muzilekeza musanafike kwa iye."
Thethe! Kamodzi kokha.
Ndikhalenawo anangotukula khutu.
Anapaka mankhwala ofiirira pabala,
nati mwezi ukatha, polandira malipiro,
ndizikumbukira kuti naye ali ndi chake cholandira.

Muhiwa anaseka, nati galu wa mlonda
wasanduka mkazi wa bwana.
Lezala uja anametera ndevu Lamulungu.

Atachoka onse, phiri litafunda mitambo,
ndinatola kachidutswa kaja pansi,
kakang'ono kuposa njere ya nandolo,
kopepuka, kopanda mlandu.
Ndinakaika m'dzanja lamanzere, ndinafumbata,
koma kanatulukira pa mpata uja
n'kugwera m'fumbi.

Galu anakanunkhiza, sanakazindikire.
Anayasamula, naika mwendo wake pa bondo langa,
zala zonse zilipo.
Belu la fakitale linalira,
tinanyamuka awiri kukalondera tiyi wa eni.